Onse akuti amatha kudziteteza ku dzuwa, nanga akupsa bwanji?

Funso: Ine ndimaphunzitsa anthu za kudziteteza ku dzuwa, ena ndi achialubino ena ndi oti ntchito yawo ndi yapanja tsiku lonse. Ndinapanga kafomu, funso loyamba loti "kodi mumadzikhulupirira kuti mungathe kudziteteza ku dzuwa?" lachiwiri loti "pali chomwe chimakulepheretsani?" Pafupifupi onse anati eya amatha, chowalepheretsa palibe. Koma ndikawayang'ana khungu ndi lopsa, ena milomo ndi makutu zili ndi zilonda. Kodi akundinamiza kapena ndi ine amene sindinafunse bwino?

Yankho: Achemwali, ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa, anthu anuwo sakukunamizani ayi. Ayankha moona funso lomwe munawafunsa, kungoti funsolo silikufika pomwe pali vuto. Munthu ukamufunsa kuti kodi mungathe kudziteteza ali pampando, pamthunzi, wangomva kumene phunziro lanu, m'mutu mwake amaona tsiku labwinobwino loti chipewa chili pomwepo, mafuta odzitetezera ku dzuwa ali m'botolo, changu palibe, nde akati eya akunena zoona ndithu. Koma tsiku lomwe amapsa si limenelo. Amapsa tsiku loti wadzuka mochedwa, kunja kuli mitambo, mafuta anatha sabata yatha, thukuta likuyenderera mpaka m'maso ndipo ntchito sikudikira. Fomu yanu tsiku limenelo sinalifunse. Ndipo funso loti aliyense akuyankha zofanana lili ngati sikelo yoti wamkulu ndi mwana akakwerapo ikuloza makilo omwewo, simungadziwirepo kanthu.

Amene anaiyala bwino nkhani yoyeza kudzikhulupirirayi ndi Albert Bandura, katswiri wa zamaganizo wa ku yunivesite ya Stanford ku America, mu 1977. Mfundo yake yaikulu, yomwe opanga mafomu ambiri amaidumpha, ndi yoti kudzikhulupirira si chinthu choti munthu amayenda nacho paliponse mofanana, kumakhala pa chochita chimodzi komanso panthawi inayake. Munthu yemweyo atha kukhala wotsimikiza kwathunthu kuti chipewa avala tsiku ndi tsiku koma za mafuta osatsimikiza olo pang'ono, kapena m'mawa amadzola bwinobwino koma zoti asiye ntchito masana adzolenso ndiye ayi. Mu 2006 Bandura yemweyo analemba malangizo a kapangidwe ka mafunso oterewa, ndipo muli zinthu ziwiri zomwe ndikufuna muzigwire. Funso lizifunsa zomwe munthu angathe lero, osati zomwe akufuna kapena akulonjeza kuti adzachita, chifukwa kulonjeza aliyense amalonjeza. Ndipo chachikulu zedi, funso lililonse likhale ndi chovuta chake mkati momwemo, ena ophweka ena olemera, kuti muone pomwe munthu akuyambira kugwedezeka.

Nde funso limodzi lija mulithyole. Kudziteteza ku dzuwa ndi zochita zingapo zosafanana, kudzola mafuta, kuvala chipewa cha khonde, kuvala malaya a manja aatali, kukhala pamthunzi, magalasi a dzuwa, komanso kusuntha ntchito kuti isagwere dzuwa la paliwombo. Ku Australia, komwe khansa ya pakhungu ndi yochuluka kwambiri, kampeni yawo ya 1981 inayamba ndi zitatu, malaya, mafuta ndi chipewa, ndipo mu 2007 anawonjezera mthunzi ndi magalasi. Chilichonse mwa izi chili ndi zovuta zakezake ndiye chifunsidwe pachokha. Mwachitsanzo mufunse kuti, mukutsimikiza bwanji kuti mungathe kudzola mafuta musanatuluke m'nyumba olo mwachedwa? Mungathe kudzolanso pakatha maola awiri olo muli pakati pa ntchito manja ali akuda? Mungathe kuvala malaya a manja aatali olo kukutentha kwambiri? Mungathe kuvala chipewa cha khonde olo anzanu onse sanavale ndipo ena akukusekani? Mungathe kupempha bwana wanu kuti nthawi yopuma mukakhale pamthunzi? Mwaona kuti paliponse pali ka "olo" aka, mphamvu ya funso yagona pamenepo. Mafunso 10 kapena 12 otere akwana, musachulutse mpaka munthu kutopa n'kumangoloza paliponse kuti athane nazo.

Kayankhidwe nako kasakhale ka eya kapena ayi. Bandura ankakonda muyeso woyambira 0 mpaka 100, 0 kutanthauza sindingathe n'komwe, 50 mwina, 100 ndikutsimikiza kwathunthu. Ine ndimaona kuti 0 mpaka 10 ndi yokwanira ndipo anthu amaimva msanga. Amene kuwerenga kumawavuta muwajambulire makwerero a masitepe 10 aloze pomwe aima, kapena muwapatse timiyala 10 akankhire kwa inu tochuluka molingana ndi mmene akutsimikizira. Kwa achialubino kumbukirani kuti ambiri maso amavutika, zilembo zikhale zikuluzikulu zakuda bii papepala loyera, apo ayi muwawerengere. Fomu ya tizilembo ting'onoting'ono munthu amangoti eya kuti asachite manyazi kunena kuti sakuona.

Tsopano zopinga, apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a zaumoyo a boma la America, ena mwa iwo Godfrey Hochbaum ndi Irwin Rosenstock, ankadabwa kuti bwanji anthu sakubwera kudzajambulitsa chifuwa kuti aone ngati ali ndi TB pomwe zinali zaulere. Pamenepo ndi pomwe panachokera Health Belief Model, yomwe imati munthu amachita chinthu malinga ndi mmene akuonera kuti matendawo angamugwire, kuopsa kwake, phindu la kudziteteza, ndi zomwe akuona kuti zikumupinga. Mu 1984 Nancy Janz ndi Marshall Becker anasonkhanitsa kafukufuku wambiri yemwe anagwiritsa ntchito njirayi ndipo anapeza kuti pa zonsezi zopinga ndi zomwe zimalosera kwambiri zomwe munthu achite. Kudzikhulupirira anadzakuwonjezeramo pambuyo pake mu 1988. Ndiye mukaphonya pa zopinga mwaphonya pachimake penipeni.

Funso loti "pali chomwe chimakulepheretsani?" limafuna munthu avomere pamaso panu kuti akulephera, ndipo ndi ochepa angatero. Komanso zopinga zambiri munthu saziona ngati zopinga, kwa iye ndi mmene zinthu zilili basi. Choncho mndandanda wa zopinga musaulembere muofesi ayi, uchokere m'kamwa mwa anthuwo. Musanapange fomu khalani pansi ndi anthu 20 kapena 25, mmodzimmodzi, ndipo muwafunse za tsiku lenileni. "Tandiuzani za ulendo womaliza womwe munapsa ndi dzuwa, tsikulo linayamba bwanji?" Kenako mukhale chete, mulembe mawu awo mmene akunenera. Mudzamva zinthu zoti simukanaziganiza. Wina adzati mafuta akasakanikirana ndi thukuta amalowa m'maso n'kumalasa moti amapukuta ndi malaya onse n'kuchoka. Wina adzati amamata ndipo fumbi lonse limakakamira pankhope. Wakhungu lakuda adzati amandituwitsa anthu amandifunsa ngati ndikudwala. Wina chipewa cha khonde chimagwa akawerama, kapena sichilowa ndi chisoti cha pantchito, kapena mphepo imachiulutsa ali panjinga. Mtsikana wa sukulu adzati yunifolomu ndi ya manja aafupi ndipo sakufuna akhale yekha wooneka mosiyana. Wina amaumira mafuta, kudzola pang'onopang'ono kuti botolo lisathe msanga chifukwa sakudziwa kuti lina alipeza liti. Zomwe zatchulidwa ndi anthu ambiri ndi zomwe zilowe mu fomu, ndi mawu awo omwewo.

Pa chopinga chilichonse mufunse kawiri, chimakuchitikirani kangati, ndipo chikachitika chimakusiyitsani kudziteteza mpaka pati. Ziwirizi ndi zosiyana. Kutentha kumachitikira aliyense koma wina malaya amavalabe, pomwe kuiwala chipewa kutha kuchitika kamodzi pa sabata koma tsiku limenelo ndi lomwe munthu amapsa mpaka matuza.

Mukamawerenga mayankho muzigawe zopingazo, chifukwa mankhwala ake si amodzi. Zina ndi za kusadziwa, ngati kuganiza kuti kukakhala mitambo kapena kukazizira dzuwa silipweteka, pomwe WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imanena kuti mpaka 80 peresenti ya UV, cheza cha dzuwa chosaoneka chomwe chimapsereza khungu, itha kudutsa mitambo yopyapyala, ndipo UV sumumva pakhungu ngati kutentha, muyeso wake wa UV Index ukangofika 3 munthu ayenera kudziteteza olo kukuzizira. Izi phunziro limathetsa. Zina ndi za manyazi ndi maonekedwe, izi zimafuna kuona anzako akuchita. Koma zina ndi zenizeni, mafuta kulibe, pamalo antchito palibe mtengo olo shedi, bwana salola kupuma masana. Izi achemwali musazitche kuti ndi maganizo a munthu, ndipo zimandipweteka ndikaona lipoti likunena kuti anthu ali ndi kudzikhulupirira kochepa pomwe vuto ndi loti sanapatsidwe chodzitetezera. Munthu woti alibe mafuta akaloza 2 pa funso lodzola akukuuzani zoona za moyo wake, ndipo kumulimbikitsa ndi mawu sikungamuthandize. Mu 2023 WHO ndi ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, anatulutsa chiwerengero choti mu 2019 anthu 1.6 biliyoni ankagwira ntchito padzuwa, ndipo pafupifupi 19,000 anamwalira chaka chimenecho ndi khansa ya pakhungu yosakhala melanoma chifukwa cha ntchito yapadzuwayo. Ambiri mwa anthu otere sasankha okha ola logwira ntchito, choncho fomu yabwino iyenera kukhala ndi mafunso a zomwe zili m'manja mwa olemba ntchito, sukulu kapena makolo.

Kanthu kena kakang'ono, musalembe funso lomwelo kawiri, kuzopinga "mafuta amamata ndiye sindingadzole" kenako kukudzikhulupirira "ndingathe kudzola olo amamata". Mukatero manambala adzagwirizana mokongola koma chifukwa choti mwafunsa chinthu chimodzi. Kuzopinga funsani mmene zinthu zilili, kuti mafuta amamata kapena ayi, za kutha kapena kusatha zikhale mbali inayo.

Ndiye pali nkhani ya wofunsa. Inu ndi amene munawaphunzitsa, mwinanso ndi inu amene mumagawa mafuta ndi zipewa. Munthu akakhala pamaso panu sangafune kukukhumudwitsani, ndipo wina amaopa kuti akanena kuti sadzola mumuchotsa pamndandanda wolandira. Ulemu ndi mantha zimakweza manambala kuposa china chilichonse. Ngati n'kotheka afunse wina yemwe sanaphunzitse nawo, pamalo poti ena sakumva, mayina asalembedwe, ndipo anene poyambirira pomwe kuti mayankho sakukhudza zolandira. Chimathandizanso kwambiri ndi kuyamba ndi mawu oti "anthu ambiri zimawavuta kuchita izi tsiku lililonse, tikufuna tidziwe mmene zimakhalira kwa inu". Mawu ochepa amenewa amamasula munthu kuti anene 4 pomwe akanati 10. Kwa ana aang'ono amene mukumuyeza ndi kholo kapena womulera, funso likhale loti mungathe kumudzoza mwana olo akukana ndi kulira, osati za mwanayo.

Fomu ikatha isapite kaye kwa onse. Tengani anthu 5 mpaka 10, muwawerengere funso lililonse ndipo muwapemphe alibwereze m'mawu awo, kenako anene chomwe amaganiza poloza nambala yomwe aloza. Apa ndi pomwe mumatulukira kuti mukati chipewa wina akuganiza kapu, yomwe imasiya makutu ndi kumbuyo kwa khosi pamtunda, pomwe inu mukunena cha khonde lozungulira la masentimita 7.5 kapena kuposa. Kapena mukati mafuta wina akuganiza loshoni wamba wofewetsa khungu wopanda SPF, nambala yoonetsa mphamvu ya mafuta poteteza ku dzuwa. Mukakonza, funsani kagulu kena kawiri motalikana masabata awiri popanda phunziro lililonse pakati, mayankho akasintha kwambiri ndiye kuti mafunso sakumveka mofanana. Ngati muli ndi wokuthandizani pa kompyuta awerengere Cronbach's alpha, muyeso womwe Lee Cronbach anaufotokoza mu 1951 woona ngati mafunso akuyenda limodzi. Pa mafunso a kudzikhulupirira 0.7 kapena kuposa ndi bwino, ikapitirira kwambiri 0.9 nthawi zambiri ndiye kuti mukubwereza zomwezomwezo. Koma pa zopinga ine sindida nkhawa alpha ikatsika, chifukwa palibe chifukwa choti amene akusowa mafuta akhalenso yemwe amachita manyazi ndi chipewa. Musataye funso lofunika kuti nambala ikwere, ndipo zopinga muzionetse chimodzichimodzi, musaziphatikize kukhala nambala imodzi yoti simungadziwe choyambira.

Zonsezi zikhala zopanda pake mukapanda kuyeza zomwe anthu akuchitadi. Musafunse kuti mumadzola kawirikawiri, funsani za dzulo. Dzulo munali panja kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji, munavala chiyani kumutu, munadzola kangati, munadzola pati. Dzulo munthu amalikumbuka. Ndipo pali njira ina yomwe ndimaikonda chifukwa siifuna kukhulupirira mawu a wina aliyense. Ku Nambour, m'chigawo cha Queensland ku Australia, gulu la Adele Green linatsatira anthu 1,621 kuyambira 1992 mpaka 1996, ena anauzidwa kudzola tsiku lililonse ena mwa kufuna kwawo, ndipo kuti adziwe ngati anthu akudzoladi ankayeza kulemera kwa mabotolo omwe abwezedwa. Kafukufuku ameneyu ndi yemwe anaonetsa kuti kudzola tsiku ndi tsiku kumachepetsa khansa ya pakhungu ya mtundu wa squamous cell, yomwenso ndi imene imavutitsa kwambiri achialubino. Inu mutha kuchita zomwezo ndi kasikelo kakang'ono. Nambala ya SPF yomwe ili pabotolo amaipeza podzola mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu, zomwe kwa munthu wamkulu thupi lonse ndi pafupifupi 35 ml, tisupuni tating'ono 7. Nkhope, khosi ndi makutu supuni imodzi, mkono uliwonse imodzi, nde pongodzola malo amenewa ndi 15 ml, kutanthauza kuti botolo la 200 ml likwana maulendo 13 okha. Munthu akakuuzani kuti amadzola kawiri patsiku koma botolo lomwelo lamutha miyezi itatu, sakunama, akudzola ndithu koma pang'ono kwambiri, ndipo anthu ambiri padziko lonse amadzola theka kapena kuchepera apo. Ameneyu pa fomu aloza 10 ndi mtima wonse chifukwa akudziwa kuti akuchita, chomwe sakudziwa ndi mulingo. Mupatseni botolo adzole inu mukuona, muyang'ane ngati wafika pamwamba pa makutu, kumbuyo kwa khosi, kuseri kwa manja ndi mlomo wam'munsi.

Chenjeraninso pogwiritsa ntchito khungu ngati umboni. Kufiira ndi matuza zimanena za masiku angapo apitawa, koma madontho, kukhakhala ndi tinkhanambo ndi zotsatira za dzuwa la zaka zambiri, munthu atha kukhala kuti panopa akudziteteza bwino koma khungu likuonetsa za ali mwana. Ndipo zilonda za pamilomo ndi makutu zomwe mwatchulazo zisadikire fomu. Chilonda choti chatha masabata angapo osapola, chikutuluka magazi, chikukula kapena chikupola n'kubwereranso pamalo omwewo, munthuyo akaonedwe ndi dokotala wa khungu sabata yomweyi, chifukwa chikagwidwa msanga chimachotsedwa mosavuta. Izi chitani kaye musanakhudze mafunso.

Manambala akabwera musathamangire avereji ya onse. Yang'anani mafunso atatu omwe atsika kwambiri ndi zopinga zitatu zomwe zakwera kwambiri, pulogalamu yanu iyambire pamenepo, ndipo achialubino ndi ogwira ntchito panja muwawerengere padera chifukwa zovuta zawo si zimodzi. Bandura ananena kuti kudzikhulupirira kumakula kwambiri munthu akayesa yekha n'kuona kuti watha, kenako akaona mnzake wofanana naye akuchita, mawu olimbikitsa amabwera pambuyo pa izi. Ndiye ngati funso lodzolanso masana ndi lomwe latsika, musawonjezere phunziro lina, konzani kuti ayese, kabotolo kakang'ono m'thumba, kansalu kopukutira thukuta kaye, nthawi yake yokhazikika ngati yopuma masana, ndipo mnzawo yemwe amatha awaonetse.

Mukadzabwereza fomu pakatha miyezi kuti muone ngati zasintha, ikhale nyengo yofanana ndi yomwe munayezera poyamba, apo ayi mudzayeza kusintha kwa nyengo osati kwa anthu. Ndipo musadzadabwe manambala a kudzikhulupirira akadzatsika pang'ono pambuyo pa phunziro labwino. Zimachitika ndithu, munthu yemwe ankaganiza kuti kadontho kamodzi kakwana tsopano wadziwa kuti ndi supuni yodzadza ndipo ndi maola awiri aliwonse, nde akudziyeza ndi muyeso woona. Zikatero yang'anani mabotolo ndi mayankho a dzulo aja, ngati mafuta akutha msanga kuposa kale ndipo zipewa zikuvalidwa ndiye kuti ntchito ikuyenda, lembani zonse ziwiri mu lipoti lanu.